Ubongo umayamba kuwerenga nkhope mwini wake asanaione

M'mabuku a zachipatala muli bambo wina amene amangotchulidwa kuti TN. Anadwala sitiroko kawiri motsatizana, ndipo chigawo cha kumbuyo kwa ubongo, chimene chimalandira uthenga wochokera m'maso, chinawonongeka mbali zonse ziwiri. Maso enieniwo anali bwinobwino, koma iye sankaona kanthu. Mu 2005, Alan Pegna ndi anzake ku Geneva anafotokoza zimene anapeza atamuyeza. Akamuikira patsogolo chithunzi cha bwalo kapena cha makona anayi n'kumupempha kuti angoyerekeza, mayankho ake ankangokhala a mwayi. Akamufunsa ngati nkhope ili pachithunzi ndi ya mwamuna kapena ya mkazi, chimodzimodzinso. Koma akamufunsa ngati nkhopeyo ndi yokwiya, yachisoni, yamantha kapena yosangalala, ankalondola kambiri kuposa mmene mwayi ungalolere. Makina ojambula ubongo anasonyeza kuti kachigawo ka m'kati mwa ubongo kotchedwa amygdala, ka mbali ya kumanja, kankadzuka makamaka pa nkhope zamantha. Nthawi yonseyi bamboyu ankati akungolota basi.

Nkhani ya anthu akhungu otha kuloza kumene chinthu chili inali itadziwika kale m'ma 1970 kudzera mwa Lawrence Weiskrantz wa ku Oxford, ndipo mu 1999 Beatrice de Gelder anasonyeza kuti wodwala wina, GY, amene ankaona mbali imodzi yokha, ankasiyanitsa nkhope yokwiya, yachisoni, yamantha ndi yosangalala kumbali imene sankaonayo. Akatswiri ambiri amati izi zimatheka chifukwa uthenga wa m'maso sudutsa njira imodzi. Kupatula njira yaikulu yopita kumbuyo kwa ubongo, palinso ina yodzera m'kati, ku zigawo zotchedwa superior colliculus ndi pulvinar, n'kukafika ku amygdala.

Inunso amene mumaona bwino zimenezi zimakuchitikirani. Mu 1998, Paul Whalen ndi anzake ankathwanimitsa nkhope yamantha kwa zigawo 33 mwa zigawo 1,000 za sekondi imodzi, kenako n'kuiphimba msangamsanga ndi nkhope yosasonyeza chilichonse. Ambiri mwa oyezedwawo ankati aona yachiwiri yokhayo, koma amygdala yawo inali itayankha kale. Ku Uppsala, m'chaka cha 2000, Ulf Dimberg anaika timawaya pankhope za anthu n'kupeza kuti minofu ya m'masaya, imene timamwetulira, inkakoka pang'ono akawathwanimitsira nkhope yosangalala imene iwo sanadziwe kuti aiona. Pa nkhope yokwiya, minofu yokwinyira tsinya ndiyo inkagwira ntchito.

Palinso anthu amene ubongo utavulala amalephera kuzindikira nkhope, ngakhale ya mwana wawo. Russell Bauer mu 1984, komanso Daniel Tranel ndi Antonio Damasio mu 1985, anapeza kuti khungu la odwala otere limatulutsa kathukuta pang'ono pa nkhope ya munthu amene amamudziwa, pomwe pakamwa akunena kuti samudziwa. Ichi chimandikhudza kwambiri, poganizira achibale amene amaganiza kuti wodwala wawo waiwaliratu.

Apa m'pamene ndimafuna tichenjere, chifukwa zotsatirazi zimakokomezedwa. Mumamva anthu akuti thupi limadziwa munthu woipa lisanauzidwe, ndiye muzingotsata zimene mtima wanena. Kafukufukuyu sananene zimenezo. TN sankadziwa kuti nkhopeyo ndi ya ndani, ndipo ngakhale pa kusiyanitsa mkwiyo, chisoni, mantha ndi chisangalalo pankhope ankalakwitsa kangapo ndithu. Chimene chimafika mu ubongo munthu osadziwa n'chochepa komanso chachimbuuzi. Chili ngati galu wouwa usiku: amakudzutsani, koma sakuuzani ngati pakhomo pali mbala kapena m'bale wanu amene wafika mochedwa. Nkhope yotong'ola maso ikhoza kukhala ya mantha, ya kudabwa, kapena ya munthu amene akuyesetsa kumvetsa zimene mukunena. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna kudziwa munthuyo, malo ake ndi zimene zangochitika.

Ngakhale pakati pa akatswiri mkangano ulipo. Mu 2010, Luiz Pessoa ndi Ralph Adolphs anatsutsa ganizo lakuti njira ya m'kati ija ndiyo imachita zonse payokha, nati zigawo zakunja za ubongo nazonso zimagwira ntchito mofulumira ndipo zimatengapo mbali. Vuto lina n'lakuti munthu akati sanaone, nthawi zina amakhala ataona pang'ono koma sakudzikhulupirira. Ofufuza akakhwimitsa kayezedwe ka mfundo imeneyi, zina mwa zotsatira zija zimachepa mphamvu.

Nanga kudziwa kuti ukuona kumathandiza chiyani? Mayi wina wotchedwa SM, amene amygdala yake inawonongeka mbali zonse ziwiri chifukwa cha matenda obadwa nawo, ankalephera kuzindikira mantha pankhope, monga Adolphs anafotokozera mu 1994. Mu 2005 anapeza chifukwa chake: mayiyu sankayang'ana m'maso mwa munthu, pomwe mantha amaonekera kwambiri m'masomo. Atangomuuza kuti aziyang'ana m'maso, anayamba kuzindikira mantha ngati wina aliyense. Chimene ubongo wake unasiya kuchita wokha, anatha kuchichita mwadala. Koma akasiya kumukumbutsa, maso ake ankabwereranso pamphuno ndi pakamwa.