Mafuta akatsika mtengo pa bomba, amalipira ndani?

Bungwe la ARENE, loyang'anira za mafuta ndi magetsi ku Mozambique, likangolengeza mitengo yatsopano ya petulo ndi dizilo, funso limakhala limodzi m'chapa ya ku Ulongué ndi pamsika wa ku Furancungo: bwanji boma osangotsitsa mtengo? Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho ndikufuna tione komwe ndalama yotsitsira mtengoyo imachokera.

Dziko la Mozambique limagula mafuta ake kunja, ndi madola, kudzera ku kampani yoitanitsa mafuta ya IMOPETRO, ndipo amatsikira pamadoko monga Beira ndi Nacala. Mtengo umene mumauona pa bomba wasenza zambiri: mtengo wa kunjako, mphamvu ya metikali pa dola, misonkho monga IVA (msonkho wa pa zogula), phindu la ogulitsa, komanso ulendo wa thanki kuchokera kudoko. N'chifukwa chake lita imodzi imadula ku Angónia kuposa ku Beira. Mtengo wa kunja boma silingaukhudze. Likafuna kuti inu mulipire pang'ono, liyenera kusiya msonkho wina, apo ayi liwabwezere makampani a mafuta ndalama imene yaperewera.

Njira imeneyi tinaiyendapo. Mu 2008 anthu atakwiya ku Maputo ndi kukwera kwa mtengo wa chapa, boma linayamba kuthandiza eni magalimoto onyamula anthu pa dizilo, ndipo kwa zaka zingapo mitengo ya pa bomba inkagwiridwa kuti isakwere. Ngongole ya boma kwa makampani a mafuta inakula, mpaka mu 2017 mitengo inayambanso kutsatira msika wa kunja.

Thumba ndi limodzi. Bajeti imene aphungu amavomereza chaka ndi chaka ku Assembleia da República, yotchedwa PESOE, ndi yomweyo imene imalipira aphunzitsi, kugula mankhwala ndi kuthira dizilo mu ambulansi ya chipatala cha m'boma lanu. Ndalama ikapita kukatsitsa lita, kwina kwachepa.

Nanga amadyerera kwambiri ndani? Amene amathira malita ambiri. Bwana wa magalimoto awiri mumzinda amalandira thandizo lalikulu kuposa mayi wa ku Tsangano amene amakwera chapa mwa apo ndi apo. Sindikunena kuti mlimi sapindula. Mbatata yake imapita ku Tete pa lole, chimanga chake chimagayidwa pa chigayo cha dizilo, ndipo mafuta akakwera amamva kuwawa msanga. Koma gawo limene limamufikira ndi nyenyeswa, pamene msonkho wa pa zinthu zimene amagula amaulipira ngati wina aliyense.

Chimene chimandipweteka ine ndi nkhani ya magetsi. Damu la Cahora Bassa ku Songo lili ndi mphamvu yotulutsa mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 lili m'manja mwa Mozambique. Magetsi ambiri amagulitsidwa ku Eskom ya ku South Africa, ndipo HCB, kampani yoyendetsa damuli, imapereka msonkho ndi phindu ku boma. Kugulitsako si kulakwa, kumabweretsa ndalama zakunja zimene timazifuna pogula mafuta omwewo. Koma midzi yambiri ya ku Chifunde ndi Macanga ikugonabe mumdima, m'chigawo chomwecho mmene magetsiwo amabadwira.

Pulogalamu ya Energia para Todos, imene inayamba mu 2018, ikufuna kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, kudzera mu mawaya a EDM, kampani ya boma ya magetsi, kapena sola za FUNAE, thumba la boma la za magetsi. Apa ndi pamene ndimafuna ndalama za boma zizipita. Thandizo la pa lita limatha tsiku limene mafutawo apsa mu injini. Pholo ndi thiransifoma zikaimikidwa pamudzi zimagwira ntchito zaka zambiri: chigayo chimasiya kudalira dizilo wochokera ku Beira, katemera amasungika mu firiji pachipatala, wowotcherera zitsulo amagwira ntchito kwawo.

Pamene mafumu ndi akuluakulu akukhala pa conselho consultivo, bwalo la uphungu la m'boma lanu, atumeni akafunse zinthu ziwiri: ndi midzi iti yalembedwa kuti ilandire magetsi chaka chino, ndipo ambulansi yapatsidwa dizilo wokwanira miyezi ingati.