Mtsikana amene boma la Iceland linkangomulemba kuti "Mtsikana"

Ku Iceland, komiti yoona za mayina ikangolengeza mayina omwe yalola ndi omwe yakana, mkangano umabukanso: boma likulowererapo chifukwa chiyani pa dzina lomwe mayi wapatsa mwana wake? Ofuna kuti komitiyi ithetsedwe salephera kutchula mlandu wa Blær Bjarkardóttir.

Komitiyi, yotchedwa Mannanafnanefnd, idakhazikitsidwa mu 1991 ndipo muli anthu atatu. Lamulo limati mwana akhale ndi dzina isanathe miyezi 6 chibadwire. Dzinalo likakhala kuti m'kaundula wa boma mulibe, makolo amakapempha chilolezo, ndipo komiti imaona ngati likugwirizana ndi galamala ndi kalembedwe ka chilankhulo chawo. Pa nthawiyo lamulo linkatinso mtsikana apatsidwe dzina lachikazi basi.

Blær adabadwa mu 1997. Mayi ake, a Björk Eiðsdóttir, adasankha dzinali, lomwe limatanthauza kamphepo kayaziyazi, ndipo m'busa adamubatiza. Pambuyo pake mpamene zidadziwika kuti dzinalo silidali pamndandanda wa atsikana, chifukwa m'galamala yawo liwuli ndi lachimuna. Mayiwo adauza atolankhani kuti m'busayo adachita kuwafotokozera yekha kuti adalakwitsa. Mbali imeneyi timaimva kwa mayi okha, koma pa zomwe zidatsatira palibe wotsutsa: m'mapepala a boma mwanayo adalembedwa kuti Stúlka, kutanthauza mtsikana. Kwawo ndi kusukulu adali Blær, koma kubanki kapena pokonzetsa pasipoti ankayamba walongosola chifukwa chomwe alibe dzina. Zidakhala choncho kwa zaka 15.

Zinthu zidatembenuka pa 31 January 2013 m'khoti la ku Reykjavík, komwe Blær ndi mayi ake adakasumira boma. Aboma adaumirira kuti akuteteza chilankhulo, ndipo mfundoyi si yopepuka: ochilankhula ndi ochepa kwambiri, Chingerezi chili pakhomo, ndipo dzina lachilendo limavuta kulisinthasintha m'chiganizo monga momwe galamala yawo imafunira. Koma Blær silidali dzina lachilendo. Mkazi wina wobadwa mu 1973 adali atalembetsedwa kale ndi dzina lomweli, ndipo Halldór Laxness, mlembi wawo yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1955, adapatsa dzinali mtsikana wa m'buku lake la mu 1957. Nyuzipepala zakunja zidakonda kwambiri za bukuzo, koma ndikuona kuti chidafoola boma ndi mkazi wa mu 1973 uja. Ungakanize bwanji mwana chinthu chomwe udaloleza mnzake? Khoti lidagamula kuti dzinali likhoza kukhala la mwamuna kapena mkazi, ndipo kumukaniza kudali kuphwanya ufulu wake wa m'malamulo a dzikolo ndi a ku Ulaya. Chipepeso cha makrona 500,000 chomwe adapempha sadapatsidwe. Boma silidachite apilo.

Zotsatira zake zidayenda pang'onopang'ono. Mu 2019 nyumba yamalamulo idachotsa zoti pali mayina a amuna okha ndi a akazi okha. Mu 2020 nduna ya zachilungamo, a Áslaug Arna Sigurbjörnsdóttir, adabweretsa bilu yothetsa komitiyi, koma siidadutse. Anthu atatu aja akadakumanabe, ndipo kholo lofuna dzina lomwe m'kaundula mulibe limalembabe kalata yopempha.