Ululu wa pobereka: kodi mayi angapemphe mankhwala?

Amayi ambiri amalowa m'chipinda chochilira atalangizidwa kale kwawo kuti mkazi weniweni amangoluma chitenje, salira. Koma malangizo a mu 2018 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mayi akafuna kuchepetsedwa ululu athandizidwe, ndipo asankhe yekha njira.

Kodi kupempha mankhwala ndi mantha?

Ayi mayi. Matenda akayamba, ena amawamva kumsana, ena pamimba, ndipo ena amatha usiku wonse njira isanatseguke. Uzani anamwino mmene mukumvera, musachite manyazi.

Ndi mankhwala ati amene amaperekedwa?

Odziwika kwambiri ndi jekeseni ya pethidine. Sithetseratu ululu, imangouziziritsa kuti mupeze mpata wopumula. Ena imawapatsa tulo, chizungulire kapena nseru. Chachikulu n'chakuti imafikanso kwa mwana, choncho ikabayidwa mwana ali pafupi kubadwa, amatha kutuluka ali wofooka ndi kuvutika kupuma. Anamwino akakuyezani n'kunena kuti nthawi ya jekeseni yadutsa, si nkhanza, akuteteza khanda lanu.

Palinso epidural, pamene dokotala wogonetsa amalowetsa kapaipi kakang'ono kumsana kuti kuyambira m'chiuno kutsika kuchite dzanzi. Imathandiza kwambiri, koma imafuna katswiri wokhalapo nthawi zonse, n'chifukwa chake simuipeza pa chipatala chaching'ono. Funsiranitu kusikelo.

Nanga akandisoka kapena ndikapita ku opaleshoni?

Posoka pamene pang'ambika amayenera kubaya kaye lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi. Ngati mukumvabe singano, nenani. Ku opaleshoni nthawi zambiri amabaya kumsana, mumakhala maso n'kumva mwana akulira koma osamva mpeni.

Popanda mankhwala ndingatani?

Yendayendani, gonani chammbali, pumani pang'onopang'ono. Wokudikirirani, kaya ndi mayi anu kapena achemwali, azikusisitani kumsana ndi chikhatho ululu ukamabwera. WHO imalimbikitsa kuti mayi akhale ndi munthu amene wamusankha yekha.

Bwanji mwanamphepo, mankhwala azitsamba aja?

Apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse, musamwe. Sachepetsa ululu, amauwonjezera. Amafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, moti chiberekero chimatha kuphulika, mwana n'kubanika. Ngati mwamwa kale, kaya anakuthirirani m'phala, auzeni anamwino mukangofika kuti akuyang'anireni pafupipafupi.