Makutu ndi anu, koma masamu ndi a mutu wa wina

Sabata yatha mnyamata wina wa ku Nchalo anandibweretsera ma headphone ake, akuti afa. Pabokosi panalembedwa "7.1", koma akamasewera gemu yowomberana ya Call of Duty, mdani amene akumudzera kumbuyo amamveka ngati ali kutsogolo. Ndinawayeza ndipo masipika ake analibe vuto. Chimene chinkamusokoneza ndi chinthu china, chimene ogulitsa safotokoza.

7.1 yeniyeni ndi masipika 8 oikidwa mozungulira chipinda. Ma headphone ambiri olembedwa nambala imeneyi ali ndi masipika awiri basi, kumanja ndi kumanzere. Zotsalazo ndi masamu onyenga ubongo.

Taganizani za msodzi wa ku Chiromo ali m'bwato usiku. Mvuu ikangopuma, amadziwa kumene ili popanda tochi. Phokosolo limayamba kufika kukhutu la mbali imene kuli mvuuyo, kusiyana kwake kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo likamafika kukhutu linalo limakhala litachepa mphamvu chifukwa mutu walitchinga. Izi zimathandiza kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Koma kuti adziwe ngati ili kutsogolo kapena kumbuyo, amadalira makwinya a khutu lake, amene amasintha kamvekedwe ka phokoso malinga ndi kumene lachokera. Akakayika amapendeketsa mutu pang'ono, n'kutsimikiza. Ubongo wake unazolowera makutu amenewo kuyambira ali khanda.

Makina amatsanzira zonsezi ndi masamu otchedwa HRTF, oyezedwa pa makutu a anthu ena kapena pa mutu wa chidole. Ndiye ngati makutu anu asiyana ndi amenewo, zili ngati mwabwereka nsapato: muyenda ndithu, koma motsimphina. Komanso mukatembenuza mutu, phokoso limatembenuka nanu limodzi, choncho nzeru ya msodzi ija sigwira. N'chifukwa chake PlayStation 5 itatuluka mu 2020, a Sony anaikamo zosankha zisanu za masamu amenewa kuti munthu apeze yoyandikira makutu ake.  Pa Xbox, mwa mapulogalamu ochita masamu otere, pali Windows Sonic yaulere, pomwe Dolby Atmos ndi DTS Headphone:X n'zolipira, ndipo kulipirako sikutanthauza kuti zikuyanjani.

Mnyamata uja analinso ndi vuto lina, limenenso ndimakumana nalo kawirikawiri. Gemuyo inali ikupanga kale surround yake (phokoso lomveka ngati likukuzungulirani), makina akuwonjezera yawo, kabatani ka 7.1 pa waya nakonso kali koyatsa. Ndiwo zimene mayi athira mchere, mwana n'kuthiranso, apongozi n'kudzawonjezera, angadye ndani? Mapazi a mdani amamveka ngati ali m'mgolo. Siyani imodzi yoyaka, zinazo muzimitse, kenako sewerani malo omwewo kawiri, ulendo wina pa stereo wamba, wa kumanja ndi kumanzere basi. Ine ndekha ndimakonda stereo pa magemu owomberana, ndipo pa magemu a mpira surround ilibe ntchito kwenikweni.

Kuno kuchigwa tilinso ndi lathu vuto. Mu Okutobala kutentha kukadutsa madigiri 40, thukuta limasupula chikopa cha timapilo ta headphone totchinga makutu, siponji n'kuphwa. Mbali imodzi ikayamba kutaya mpweya, bezi imachepa ndipo zonse zimapendekera mbali inayo. Mnyamatayo tinamusinthira timapilo, tinazimitsa kabatani kaja, ndipo pa zosankha zisanu zija za PlayStation 5 anagwirizana ndi yachiwiri.