Tsiku lomwe laibulale ya Jagger inapsa

Lamulungu pa 18 April 2021, moto wolusa unabuka m'tchire la m'mphepete mwa phiri la Table ku Cape Town. Mphepo inaukankhira ku yunivesite ya Cape Town, ndipo pofika masana denga la Jagger Reading Room, nyumba ya laibulale ya yunivesiteyo yomangidwa cha m'ma 1930, linali lawilawi. Mmenemo ndi mmene munkasungidwa mabuku, timabuku ta ndale ndi mafilimu okhudza Africa, zambiri zosapezekanso kwina kulikonse.

Zithunzi zomwe zinafalikira zinali za malawi ndi phulusa. Koma akatswiri osamala mabuku, mutu unawakulira ndi madzi. Zolembedwa pamanja zakalekale zinali m'zipinda zapansi panthaka, ndipo zitseko zotchinga moto zinaziteteza. Tsono madzi a ozimitsa moto anatsikira komweko n'kunyowetsa mabokosi. Pepala likanyowa silidikira munthu: pakangotha masiku awiri kapena atatu layamba kale chuku, ngati chimanga chokololedwa chisanaume, masamba amamatirirana, inki n'kusungunuka.

Choncho anthu ongodzipereka mazanamazana anandandalikana pamakwerero, kupatsirana makreti apulasitiki kuchokera pansi mpaka panja, kwa milungu yoposa iwiri. Zonyowa kwambiri sanaziyanike padzuwa ayi, anaziika m'mafiriji. Poyamba kumva zimaseketsa, buku kuligoneka ngati nsomba, koma kuzizirako kumaimitsa chuku, n'kupatsa katswiri mpata woumitsa buku limodzilimodzi mosapupuluma. Luso losamala mabuku onyowali linakula kwambiri mtsinje wa Arno utasefukira mumzinda wa Florence ku Italy mu November 1966, matope n'kukwirira mabuku a m'laibulale yaikulu ya dzikolo.

Zina mwa zomwe zinapulumuka ndi makope a Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd, omwe m'zaka za m'ma 1870 ankalemba nthano ndi chiyankhulo cha anthu a |xam, gulu la mtundu wa San ku South Africa, kuchokera pakamwa pa eni ake. Makopewa anali atajambulidwa kale n'kuikidwa pa intaneti.

Ife a ku Malawi nkhaniyi inatitonosola bala. Pa 18 December 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa yonse usiku, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Mabuku ophunzirira abwenzi akunja anatumiza ena. Zolemba za Malawi weniweni zomwe zinali m'menemo, zina zopanda kope lachiwiri, panalibe wotumiza.