Chifukwa chiyani mafakitale a matchipi akuunjikana ku Dresden?

Mu Ogasiti 2024, kumpoto kwa mzinda wa Dresden ku Germany, anayamba kukumba maziko a fakitale ya matchipi yomwe idye ndalama zoposa mayuro 10 biliyoni. Mwini wake wamkulu ndi TSMC, kampani yopanga matchipi ya ku Taiwan, yomwe ili ndi magawo 70 pa 100 alionse, ndipo Bosch, Infineon ndi NXP aliyense ali ndi magawo 10. Boma la Germany likuikapo mayuro 5 biliyoni. Ambiri akamva zimenezi amati nkhani ndi yomweyo, boma lanyengerera kampani ndi ndalama za misonkho. Ndalamazo n'zofunikadi, koma pazokha sizikanakwanira.

Tilowe kaye mufakitalemo. Matchipi, omwe amayendetsa foni, galimoto ndi kompyuta, amapangidwa pa wafer, chimbale chopyapyala cha silicon chotambalala mamilimita 300. Chimbale chimodzi chimadutsa m'makina kambirimbiri kwa miyezi iwiri kapena itatu chisanathe. Antchito amavala zophimba thupi lonse, maso okha kuonekera, chifukwa kafumbi kosaoneka ndi maso kakagwera pamenepo tchipi chawonongeka. Makina amagwira usana ndi usiku. Amodzi akaima pakati pa usiku, mwini fakitale safuna kumva zoti wokonza akwera ndege mawa. Amafuna munthu amene afike pasanathe ola, atanyamula chitsulo choyenera. Ogulitsa makina, mpweya wapadera ndi mankhwala amatsegula maofesi pamene pali makasitomala angapo, ndipo fakitale yatsopano imakonda kumanga pamene ogulitsawo alipo kale. Mayi wa tomato naye sayala katundu wake kutali ndi msika.

Dresden inayamba kale. Mu 1961, dera ili likadali mu East Germany, katswiri wa sayansi Werner Hartmann anatsegula malo ofufuzira za zipangizozi, ndipo pofika 1988 akatswiri a mumzindawu anapanga tchipi chosungira zinthu mu kompyuta cha 1 megabit (muyeso wa kuchuluka kwa zimene chimasunga). Boma la chikomyunizimu litagwa, mafakitale ake ambiri anatha, koma anthu odziwa ntchito anatsala. Amenewa ndi amene anakopa Siemens mu 1994 ndi AMD mu 1996. Lero mafakitale awiriwa ali m'manja mwa Infineon ndi GlobalFoundries, Bosch inatsegula yake mu 2021, ndipo pafupifupi tchipi chimodzi pa zitatu zilizonse zopangidwa ku Ulaya chimachokera m'chigawo cha Saxony, momwe muli Dresden, chomwe amalonda amachitcha Silicon Saxony. Yunivesite ya TU Dresden ndi malo a kafukufuku a Fraunhofer ali pomwepo.

Tayerekezani ndi Magdeburg, mzinda wina wa ku Germany, komwe Intel, kampani ya matchipi ya ku America, inalonjezedwa ndalama za boma pafupifupi mayuro 10 biliyoni kuti imange pamunda wopanda fakitale ina ya matchipi pafupi. Mu 2025 ntchitoyo inathetsedwa. Chachikulu chinali mavuto a zachuma a Intel yomweyo, komabe zikuonetsa kuti lonjezo la boma silimanga khoma.

Woika ndalama asaganize kuti ku Dresden kulibe minga. Mu 2009 kampani ya Qimonda, yopanga matchipi osungira zinthu mu kompyuta, inagwa mitengo itatsika kwambiri, ndipo anthu masauzande anachotsedwa ntchito. Malonda a matchipi amakwera ndi kutsika moopsa, ndipo mafakitale ambiri a ku Dresden amadalira makampani a magalimoto, omwe masiku ano akuvutika. Magetsi ku Germany ndi odula. Mafakitale amamwa madzi ambiri moti mzindawu ukukonza zomanga malo atsopano opopera madzi mumtsinje wa Elbe. Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu: fakitale ya TSMC yokha ikufuna antchito pafupifupi 2,000 ikamadzayamba kupanga matchipi, zomwe anakonza kuti zichitike kumapeto kwa 2027, ndipo ambiri mwa odziwa ntchitoyi ali kale pantchito kwa oyandikana nawo. N'chifukwa chake boma la Saxony layamba kutumiza ophunzira a kuyunivesite ku Taiwan kuti akaphunzire m'mafakitale a TSMC.