Ekizozi imasankhidwa ndi injini, osati ndi khutu

Ambiri amene asintha zinthu pa injini ya galimoto yawo amafika kwa ife amakaniko atasankha kale mumtima: paipi ya ekizozi yaikulu, yonyezimira kumbuyo, yomveka kutali. Ine ndisanagwire chitsulo ndimafunsa zinthu zitatu: injini ndi yaikulu bwanji, ili ndi tabo (chipangizo chozunguzidwa ndi utsi chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini) kapena ayi, nanga galimotoyo imakhalitsa pamsewu wamba kapena pampikisano. Mayankho ake ndiwo amatiuza kukula kwa paipi.

Utsi sutuluka mu injini mosadukiza. Valavu ikatseguka, utsi wotentha umatuluka mwamphamvu, valavu n'kutseka. Utsi umenewo ukamathamanga m'paipi umakoka wina wotsalira mu silinda, ndipo silindayo imapeza malo olandirira mpweya ndi petulo watsopano. Kukoka kumeneku kumadalira liwiro. Mtsinje umathamanga pamene wachepa, n'kuyenda mwaulesi pamene watambasuka. Utsi m'paipi ndi chimodzimodzi. Paipi ikakula mopitirira, utsi umazizira ndi kuchedwa, ndipo galimoto imalemera ponyamuka. Ikachepa kwambiri, injini imabanika ikamazungulira mothamanga. Ena amati injini imafuna kutsekerezedwa pang'ono kuti ikhale ndi mphamvu. Zimenezo si zoona. Injini imafuna utsi utuluke msanga, basi.

Manambala amanyenga maso. Paipi ya mainchesi 3 imaoneka yokulirapo pang'ono chabe poiyerekeza ndi ya mainchesi 2, komatu mpata wake wamkati ndi waukulu kuposa kawiri. Injini ya masilinda 4 ya malita 1.6 mpaka 2.0 yopanda tabo nthawi zambiri imayenda bwino ndi paipi ya mainchesi 2 kapena 2.25. Ya tabo ndi nkhani ina. Utsi ukadutsa mu tabo umakhala utagwira kale ntchito yake, ndiye kuseri kwake mpata ukakula tabo imadzuka msanga. Pamenepo mainchesi 2.5 kapena 3 ndi oyenera.

Pa injini yopanda tabo, phindu lenileni lili pa manifodi, pamene mapaipi amachoka pa injini. M'injini zambiri za masilinda anayi, masilindawo amaphulitsa motsatana 1-3-4-2. Manifodi ya 4-2-1 imaphatikiza silinda 1 ndi 4, komanso 2 ndi 3, kenako mapaipi awiriwo n'kukumana kukhala imodzi, kuti utsi wa masilinda otsatana usagundane, ndipo imapereka mphamvu pakatikati, pamene timayendetsera tsiku ndi tsiku. Ya 4-1 imakumanitsa onse pamalo amodzi, ndipo ubwino wake umaoneka injini ikafika kumapeto kwa liwiro lake. Galimoto yoyendera masiku onse ndimaisankhira 4-2-1 mosakayika.

Yang'ananinso mmene paipi yapindidwira. Makina wamba amaifinya pokhota, mpata n'kuchepa pomwepo. Opinda ndi mandrel amalowetsa chitsulo m'kati kuti paipi isaphwanyike. Paipi ya mainchesi 2.25 yopindidwa bwino ingapose yaikulupo yofinyika pokhota paliponse.

Za chitsulo, chachabechabe chimadyedwa msanga ndi dzimbiri chifukwa utsi uli ndi nthunzi, makamaka galimoto ikamayenda maulendo afupiafupi osatentha mokwanira. Stainless (chitsulo chosachita dzimbiri msanga) ya mtundu wa 409, imene mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito, imachita dzimbiri pamwamba pokha. Ya 304 ili ndi chromium pafupifupi 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, ndipo imakhalitsa kuposa zonsezi. Tengani maginito pokagula: imamatirira pa 409, koma pa 304 siigwira kwenikweni. Wowotcherera wodziwa ntchito amagwiritsa ntchito njira yowotcherera ya TIG ndipo amadzaza mpweya wa argon m'kati mwa paipi, apo ayi msoko umapsa m'kati n'kudzang'aluka.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima ndikachiona chitadulidwa, ndicho catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chimene chimakhala pa paipi ya ekizozi. M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zimene zimasandutsa mpweya wapoizoni kukhala wosaopsa kwambiri. Pa injini imene yangosinthidwa pang'ono, kuichotsa kumawonjezera mphamvu yochepa zedi, pamene ana oyenda m'mbali mwa msewu ndi amene amapuma zotulukazo. M'mayiko ambiri kuichotsa ndi mlandu. Komanso sensa ya oxygen imene ili kuseri kwake imazindikira, nyali yochenjeza ya injini n'kuyaka, kompyuta ya injini n'kusunga nambala ya vuto ya P0420. Ngati yakaleyo ikubanikitsadi injini, ilipo ina yodutsa utsi wambiri, ikani imeneyo.

Tsopano phokoso, limene ambiri amabwerera. Chimene chimatopetsa si kulira kwa galimoto pothamangitsa, koma kung'ung'udza kosatha kumene kumadzaza m'kati mukamayenda liwiro limodzi pamsewu wautali. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imaphulitsa ka 100 pa sekondi, ndipo mawu otsika chotero amagwedeza thupi lonse la galimoto mpaka mutu kuwawa. Sayilensa yoboola molunjika, yokutidwa ndi ubweya wagalasi, imameza mawu okwera koma otsikawa imawalephera. Mankhwala ake ndi resonator (chipangizo china chochepetsa mawu) pakati pa galimoto, kapena kapaipi kotseka kumapeto kolumikizidwa m'mbali, kodulidwa mwa muyeso woti mawu obwerera afafanize oyambawo. Kambiranani zimenezi ndi wopanga asanayambe kudula.

Pomanga, kumbukirani kuti chitsulo chimatalika chikatentha. Paipi ya 304 yotalika mamita 3 ikatentha ndi madigiri 400 imawonjezera pafupifupi masentimita 2. N'chifukwa chake imapachikidwa pa malabala, osati kuwotcherera ku thupi la galimoto, ndipo injini yokhala chopingasa imafuna cholumikizira chofewa chifukwa imagwedezeka posintha giya. Paipi italikirane ndi thanki ya mafuta ndi timapaipi ta mabuleki, ndipo malata otchinga kutentha abwezeredwe onse.

Ntchito ikatha, lizani injini ikadali yozizira ndipo muyendetse dzanja pafupi ndi polumikizira paliponse. Pamene utsi ukutulukira pamamveka kupuma, ndipo pakapita masiku pamada ndi mwaye. Musapanyozere: carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsi, sanunkha, ndipo akalowa m'galimoto amagonetsa woyendetsa asanadziwe chimene chikuchitika. Ngati mwasintha manifodi kapena paipi yochoka pa tabo, kompyuta ya injini nayo ichunidwe ndi katswiri, kuti petulo agwirizane ndi mpweya wochuluka umene injini yayamba kukoka.